Telesikopu ya pa Nsanja ya Thanki

Atate anga sankakhulupirira mabawuti. Ankawotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo kuseri kwa msika wa Maramba, ndipo ankati chinthu chomangidwa ndi bawuti mwini wake wachipereka kale kwa wakuba, changotsala tsiku lodzachitenga. Kunyumba kwathu ngakhale chishalo cha njinga chinali chowotcherera.

Mu 1994 ndinali mu Giredi 11. Aphunzitsi athu a sayansi, a Mudenda, analengeza kuti pakati pa mwezi wa June kudzakhala chionetsero cha sayansi cha masukulu a m'tauni yathu, ndipo ntchito imodzi yokha ndiyo idzasankhidwe kupita ku chionetsero chachikulu cha ku Choma. Ine m'kalasi sindinkayankhula. Yankho ndinkalidziwa, koma likafika pakhosi linkabwerera. A Mudenda anandiimitsa pakhomo anzanga atatuluka.

"Loyce, oweruza sadzakudikira kuti upeze mawu," anatero. "Panga chinthu choti akachiona adzifunse okha. Ndikufuna iwe ku Choma."

Ndinali nayo kale telesikopu yanga yaing'ono. Ndinaipanga ndi chikatoni chachitali chimene amakulungapo nsalu m'sitolo, galasi limodzi la mandala ovala limene ndinagula pamsika, ndi kagalasi ka kamera yakufa. Inkaonetsa mwezi ngati mbale yophwanyikaphwanyika, yozunguliridwa ndi mitundu. A Mudenda anandibwereka magazini yakale imene inkafotokoza za telesikopu ya Hubble, imene inatumizidwa m'mlengalenga zaka zinayi m'mbuyomo.

Lamlungu titachoka kutchalitchi atate anandipeza ndikuwerenga pakhonde. Anayang'ana chithunzi cha m'magaziniyo atachitalikitsa, nafunsa kuti thanki imeneyi ndi ya chiyani. Ndinawauza kuti si thanki. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, maso ali papepala. Galasi likakhala lalikulu limasonkhanitsa kuwala kwambiri, monga beseni lalikulu limakinga mvula yambiri kuposa kapu. Koma mpweya umene tikupumawu suli bata, uli ndi fumbi ndi utsi ndipo umagwedezeka, choncho ngakhale galasi lalikulu limaona zinthu zikuvina. N'chifukwa chake iyi anaikweza pamwamba pa mpweya wonse.

"Lalikulu, ndiponso pamwamba," atate anatero, akugwedeza mutu.

Panali tsamba lina lotsatira, koma amayi anandiitana kuti ndikaanule zovala, ndipo sindinaliwerenge kwa iwo.

Patatha masiku anayi anabwera ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Linali galasi lalikulu ngati kambale ka kapu ya tiyi, lolemera, lopanda mng'alu. Analipeza kwa munthu wogula zitsulo zakale ku Libuyu, pa makina akufa oonetsera zithunzi pakhoma. Ndinaligwira padzuwa n'kuyeza pamene kuwala kwake kunkakumana pansi. Atate analemba muyesowo ndi choko pa thalauzi lawo lantchito. Anatenganso kagalasi kanga ka kamera.

"Chikatoni chisiye," anatero. "Mwana wa Bizwell Nkhuwa sangapite kwa anthu ndi chikatoni."

Lolemba la sabata ya chionetsero, pochokera kusukulu, ndinaona anthu atadzaza pabwalo pathu. Kuseri kwa nyumba kunali nsanja yachitsulo imene kale inkanyamula thanki ya madzi, yaitali kuposa denga ndi mtengo wa mango. Pamwamba pake panali paipi yakuda, yotalika kuposa munthu, yoloza kummwera. Atate anaikhazika pa chitsulo cha pakati pa wilo la galimoto kuti izitembenuka, ndipo chitsulocho anachiwotcherera kunsanja. Anali ataimirira pansi pa makwerero, manja kumbuyo, akulamula kuti anthu azikwera mmodzimmodzi.

"Patukani, mwini wake wafika," anatero.

Ndinakwera ndi yunifolomu yanga. Pamwambapo ndinaona kuti atate anali atamva bwino. Inali nthawi yozizira, ndipo utsi wa mbaula unali utayala pamwamba pa Maramba ngati bulangete lakuda, koma ine ndinali pamwamba pake. Mpweya unali woyera. Kummwera utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya unali utaima njo, woyera mbee.

Ndinaika diso. Kuwala kunali kochuluka moti chikatoni changa chinakhala ngati kandulo. Koma zonse zinali chimbuuzi. Ndinagwira kapaipi kakang'ono kokhala ndi kagalasi ka kudiso kuti ndikakankhe pang'ono, monga ndinkachitira ndi chikatoni mpaka chithunzi chitakhala bwino. Sikanasunthe. Chala changa chinapeza mzere wa chiwotcherero, wosalala, wozungulira bwinobwino, ntchito ya atate.

"Ndakasuntha mpaka ndaona mitengo ya kutsidya," anafuula pang'ono ali pansi. "Ndiye ndakamata pomwepo kuti ana asasokoneze. Waona?"

Anthu onse anali atakweza nkhope.

"Ndaona, atate," ndinatero.

Tsiku limenelo anakwera anthu oposa makumi awiri, ndipo aliyense anatsika akuyamikira. Ndinawaonetsetsa. Onse ankayang'ana utsi wa mathithi, ndipo utsi ndi utsi, ulibe m'mphepete moti munthu n'kudziwa kuti galasi lalakwa. Amene anatsika akutchula mitengo anali awiri okha, a Wamundila okonza njinga ndi mayi wina wa kwaya, onse amsinkhu wa atate.

Kunatsala masiku asanu. Telesikopu yanga inali yosaona, ndipo inali yomatidwa kunsanja imene miyendo yake inali m'simenti.

Lachiwiri ndinakonza mawu m'njira yonse yochokera kusukulu. Nditafika ndinapeza atate akupaka paipiyo penti, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo mawuwo anabwerera. Lachitatu a Mudenda anandifunsa ngati ndidzafuna tebulo limodzi kapena awiri m'holo.

"Ili pamwamba, aphunzitsi," ndinatero.

"Pamwamba pa chiyani?"

Nditawauza anavula mandala awo n'kudzitikita m'maso. Anati oweruza sayenda m'makomo mwa anthu. Chimene sichili m'holo pofika 9 koloko Loweruka sichinapangidwe. Anati ndikhoza kubwera ndi chikatoni. Sindinawauze kuti kagalasi ka chikatonicho kanali kumwamba komweko, m'kati mwa chitsulo.

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinapeza atate akusamba m'manja pampopi.

"Atate, mungakwere nane?"

Pamwambapo malo anali ochepa kwa anthu awiri. Ndinatembenuza paipiyo kuichotsa ku mathithi, n'kuiloza pakhoma la chigayo china chakutali kumene ndinkadziwa kuti kuli zilembo.

"Tawerengani."

Anawerama, natsinzina diso limodzi. Anaseka. "Pano si pokodzera. Wopezeka adzaona." Anadzuka. "Anthu a uko nawonso."

"Ine sindikuona zilembo."

"Yang'ananso."

Ndinayang'ananso. "Ndikuona khoma ndi zakuda zakuda."

Nkhope yawo inasintha, koma osati mmene ndinkaopera. Anandigwira chibwano n'kundiyang'ana m'maso, lina kenako lina. "Ndi mabuku awa," anatero motsitsa. Kenako anaweramira pansi. "Amake Loyce, mwana wanu maso akumuthera ndipo inu simukudziwa."

Amayi anali akusankha nyemba pamphasa. Sanakweze mutu. "Ndiye akhungu tilipo awiri."

"Inu munati mwaona."

"Ndinati ndaona utsi. Ndinanama?"

Atate anaitana Chabota, mnyamata wa nyumba yoyandikana amene ankagulitsa ziboliboli kwa alendo ku mathithi. Ine ndinatsika kuti iye akwere. Anakhala nthawi diso lili pagalasi.

"Werenga," atate anamuuza.

"Ba Nkhuwa, ni yabwino maningi."

"Sindinakufunse ubwino. Pakhoma palembedwa chiyani?"

"Pali khoma?" Chabota anatero.

Amayi anaseka mpaka nyemba zinatayika. Atate sanaseke. Chabota atatsika ndinakweranso ndi magazini ija, chifukwa kuwerenga kunali kosavuta kuposa kunena. Ndinatsegula tsamba limene ndinalisiya. Linkati galasi la Hubble linapalidwa mosamala kwambiri, koma motsatira chipangizo choyezera chimene chinali cholakwika pang'ono. Kulakwako kunali kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Anakuzindikira telesikopu ili kale kumwamba, kumene munthu sangangopita ndi sipanala. Panapita zaka zoposa zitatu anthu asanakwere kukaiika magalasi owongolera.

Ndinawonjezera anga mawu, ndikuyang'ana mapazi. Ndinati maso a anthu safanana, n'chifukwa chake kapaipi kaja kamayenera kumasuntha.

Atate anayang'ana kapaipi kaja. Kenako anafunsa, "Amene anayeza uja anam'chotsa ntchito?"

"Sanalembe."

Anatambasula dzanja lawo n'kuyang'ana chikhadabo cha chala chachikulu. Analibweretsa pafupi ndi nkhope, nalibwezanso kutali. Anachita zimenezi kawiri. Anatsika, ndipo chakudya chamadzulo anadya msanga.

Lachisanu sanapite kuntchito. Pochokera kusukulu ndinawapeza pamwamba ndi sowo yodulira zitsulo. Makina awo odulira anawasiya, chifukwa nthethe za moto zikanadya galasi. Anali atadula kale mzere wa chiwotcherero pa kapaipi kaja, nakulungapo mphira wa chubu cha njinga kuti kazilowa ndi kutuluka mothina. Panatsala choti chizikagwira munthu akapeza malo ake.

"Tiye kwa Wamundila," anatero, osandiyang'ana.

A Wamundila anali pansi pa mtengo wawo, njinga ili chagada. Atamva chimene atate ankafuna anaika sipanala pansi mosamala.

"Bwerezani, ba Nkhuwa. Khutu ili silimva bwino."

"Bawuti imodzi, yaing'ono, ndi nati yake."

A Wamundila anayang'ana kumwamba mbali zonse. "Lero mvula igwa mu June. Loyce, uza amayi ako alowetse ufa." Anakhuthula chitini chonse pansi. "Sankhani. Koma mudziwe kuti akuba amva kale."

"Akuba amayamba ndi amene ali ndi chitini chodzaza," atate anatero, koma mawu awo analibe mphamvu. Anasuzumira mulu wa mabawutiwo kanthawi, kenako anandikodola kuti ndisankhe ine.

Pofika 5 koloko ntchito inatha. Mwezi unali utatuluka kale, watheka, woyera pa thambo la masana. Ndinakweza paipiyo, ndinamasula bawuti, n'kukankha kapaipi pang'ono kwambiri, mwina kutalika kwa njere ya mpunga. Chimbuuzi chija chinasonkhana, chinauma, n'kukhala nthaka.

Ndinaona maenje. M'mphepete mwa mdima ndi kuwala munali maenje aakulu ndi aang'ono, ena m'kati mwa anzawo, aliyense ndi mthunzi wake. Panali phiri limene nsonga yake yokha ndiyo inali padzuwa. Chikatoni changa sichinandionetsepo zimenezi. Mphepo ikawomba nsanja inkanjenjemera ndipo mwezi unkathawa, ngakhale atate akasuntha phazi unkathawa, koma ukabwerera unali wakuthwa ngati mpeni. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji.

"Ndi pano pamene imaona," atate anatero kumbuyo kwanga. "Pansi pali utsi. Unanena wekha."

"Inde."

"Ndikadula apa sidzakhalanso chimodzimodzi. Paipi imalemera. Ikatipulumuka potsitsa, galasi lapita, ndipo lina kulibe." Anagogoda chitsulo cha wilo chija ndi sowo. "Chinthu n'chako. Unene iwe."

Ndinayang'ananso kamodzi. Ndinaganiza zoisiya. Ndikanamakwera madzulo alionse, ndekha, popanda wondifunsa mafunso, ndipo zimenezo zinali zokoma kwa ine kuposa holo yodzaza anthu. Ndinaona kuti n'chifukwa chake ndinkafuna kuisiya.

"Dulani, atate."

Anadula kwa theka la ola. Chabota ndi a Wamundila anagwira chingwe pansi, ine ndinakulunga galasi ndi juzi yanga. Potsika paipiyo inagunda nsanja kamodzi, n'kulira ngati belu, ndipo tonse tinaima. Nditamasula juzi galasi linali lamoyo.

Loweruka m'mawa kondakitala wa minibasi anayang'ana paipiyo kuyambira uku mpaka uko.

"Bakamba," anatero kwa atate, "nkhondo ili kuti? Iyi siingangene."

Anakana kuti tilowe nayo, ndipo minibasi yachiwiri sinaime n'komwe. Tinayenda pansi, atate kutsogolo, ine kumbuyo, paipi paphewa. Ana anatitsatira mpaka pa mlatho. Tinafika kutatsala mphindi khumi, phewa langa litasupuka. Atate anaigoneka mbali ina pawindo la holo, mbali ina pamsana wa mpando, ndipo anatuluka. Anati zovala zawo si za m'holo.

Pafupi nane panali mnyamata wa sukulu ina ndi chitofu chophikira ndi dzuwa, ndipo ankayankhula ngati wailesi. Oweruza anafika kwa ine dzuwa lili paliwombo. Wamkulu wawo anali mayi wamfupi, a Simasiku, amene ankaphunzitsa aphunzitsi. Ndinawaonetsa bawuti. Anaimasula okha, nasuntha kapaipi, nayang'ana kunja kupyola madenga a malata.

"Yowala bwino," anatero. "Koma mtengo uwo ukuvina. Galasi lako lili ndi vuto?"

A Mudenda anali kumbuyo kwawo, akuyang'ana denga. Mawu anafika pakhosi panga pamalo pake pa nthawi zonse. Koma funsolo linali lolakwa, ndipo linali kunamizira galasi limene ndinalinyamula kuchokera ku Maramba.

"Si galasi, mayi. Ndi mpweya wa pa malata."

Ndinawauza kuti dzulo lake telesikopuyo inali pansanja ndipo sinkavina choncho, koma kumeneko inkagwedezeka ndi mphepo, munthu mmodzi yekha ndiye ankakwanako, ndipo italakwika panafunika tsiku lathunthu, sowo ndi anthu anayi. Ndinati yaing'ono ya chikatoni ndinkaipinda m'khwapa n'kupita nayo kulikonse, koma sinkaona phiri la pamwezi. Ndinati a Hubble anakumana ndi zomwezi, kungoti nsanja yawo ndi yaitali. A Simasiku sanandidule.

"Ndiye iwe ukanapatsidwa kusankha, ukanaika kuti?" anafunsa a Simasiku.

"Pamwamba," ndinatero. "Koma ndikanayamba ndaitana anthu a maso osiyanasiyana kuti ayang'ane ili pansi."

Analemba kanthu. Anafunsa amene anawotcherera. Ndinati atate anga, ndipo anapititsa chala pa mzere wina n'kunena kuti ndi dzanja labwino.

Analengeza zotsatira 2 koloko. Chitofu chinakhala chachiwiri. Nditamva dzina langa pa malo oyamba sindinadzuke mpaka a Mudenda atandigwira paphewa losupuka lija. Kenako a Simasiku anandiitanira pambali. Anati ku Choma tidzapita pa basi wamba, ndipo katundu aliyense ayenera kulowa m'malo a katundu a pansi pa basi. Telesikopu ikapanda kulowa, apita wa chitofu.

Ndinapeza atate kunja kwa geti, atakhala pa mwala, chipewa pabondo. Ndinawauza zonse ziwiri. Sananene kuti ndachita bwino. Analowa nane m'holo, mmene anthu anali atayamba kuchepa, nayamba kuyeza paipiyo ndi zikhatho, kuyambira kugalasi. Anayezanso kuchokera mbali inayo.

"Tiidula pawiri," anatero. "Ndiika kamkono kachitsulo pakati kuti uzikailumikiza wekha kumeneko. Koma podulapo payenera kuwongoka, apo ayi magalasi sayang'anana."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa choko. Anawerama, nabweza mutu m'mbuyo, naweramanso. Chala chawo chinali pamalo ake, koma choko sichinakhudze chitsulo.

"Ndi apa," anatero, nandipatsa chokocho. "Lemba mzere iwe. Ine ndidzatsata."